Wolandira Alendo Akasanduka Mlendo ku Japan

PA malo oimikapo mataksi m'mbali mwa mseu wa Mosi-oa-Tunya mu Livingstone si cacilendo kumva galimoto ikulankhula. Woyendetsa akangopotoza kiyi, pansi pa ciongolero pamatuluka mau a mai wina, ofewa ndi aulemu, m'cinenero cimene palibe ndi mmodzi yemwe pamalopo acimva. Ena amati galimoto ipereka moni, ena amati idandaula za mafuta. Mauwo ndi a Cijapani, ndipo kawirikawiri amangokumbutsa woyendetsa kuti sanalowetse kakhadi kolipirira pa zipata za miseu ikuluikulu ya ku Japan, miseu imene galimotoyo inatsazikana nayo tsiku limene inakwezedwa m'sitima ya pamadzi.

Umu ndimo anthu ambiri a mumzinda uno adziwira dziko la Japan. Alidziwa ndi ma Corolla ndi ma Hiace amene eni ake oyamba anawaleka poopa mtengo wa kupimitsa galimoto, kumene lamulo la kumeneko lifuna galimoto yatsopano ikatha zaka zitatu, ndi zaka ziwiri ziri zonse pambuyo pake. Alidziwa ndi wailesi ya m'galimoto imene manambala ake alekezera pa 90, kotero kuti nyumba zambiri zoulutsa mau za kuno siizigwira kufikira amakanika atamangirirako kacipangizo. Ngakhale mseu weniweniwo wa Mosi-oa-Tunya, wotsikira ku mathithi, unakonzedwanso ndi thandizo la Boma la Japan potsata pangano la 2008, ndipo zina mwa ndalama za nchito ya pa Kazungula, pamene ulalo wa mamita 923 unatsegulidwa m'May 2021, zinali ngongole yocokera komweko.

Mjapani mwini wake nayenso si wacilendo kuno. Livingstone ndi mzinda wodya za alendo, ndipo ogulitsa ziboliboli ku Mukuni Park, operekeza anthu ku mathithi, anyamata ndi atsikana a m'mahotela, onse amdziwa: wowerama popereka moni, wofika nthawi isanakwane, wojambula utawaleza wa pa nthunzi ya madzi, wogona masiku awiri n'kupita. Mlendo ndi mame, anatero akale, sacedwa kukamuka. Koma kwa acinyamata a ku Maramba, Libuyu ndi Dambwa amene alembera malo a maphunziro kunja, funso ndi lotembenuza. Nanga wolandira alendoyo akasanduka mlendo ku Japan, moyo wake ukhala wotani? Yankho lake liri pawiri, pakuti mlendo wa masabata awiri ndi mlendo wa zaka zinai saona dziko limodzi.

Anapita ndi dzina lina

Ulendo wochuka koposa wa anthu a dziko lino ku Japan ndiwo wa October 1964. Masewera a Olympic anatsegulidwa mu Tokyo pa 10 October, ndipo pakati pa maiko 93 amene anasonkhana panali kagulu ka anthu 12, amuna 11 ndi mkazi mmodzi, koyenda pambuyo pa cikwangwani colembedwa Northern Rhodesia. Ambiri a iwo anali azungu, monga zinthu zinaliri masiku amenewo, koma pa liwiro la mtunda wautali wa makilomita 42 panali a Constantino Kapambwe ndi a Laurent Chifita pamodzi ndi a Trevor Haynes. A tsidya lija la ulalo wa pa Zambezi anatumiza gulu lao pa iwo okha, ndipo South Africa sanaloledwe konse cifukwa ca tsankho lake.

Mzinda umene anaupeza unali utangodzuka pa phulusa. Zaka 19 zokha zinali zitapita cithere nkhondo yaikulu yaciwiri, mmene ndeke za Amerika zinatentha mbali yaikulu ya Tokyo. Mnyamata amene anayatsa moto wa masewerawo, Yoshinori Sakai, anabadwa m'cigawo ca Hiroshima pa 6 August 1945, tsiku lenileni limene bomba la atomu linagwa. Mudzi wogonamo ocita masewera, ku Yoyogi, unali nyumba zimene mabanja a asilikari a Amerika anali atangosamukamo. Munali njinga zambiri zoyendera alendo, ndipo ophika a m'mahotela akuluakulu, ena motsogozedwa ndi a Nobuo Murakami a ku Imperial Hotel, anali ataphunzira kuphika zakudya za maiko ambiri kuti pasakhale wogona ndi njala. Pa 1 October, masewera ali pafupi kuyamba, sitima ya Shinkansen inayamba kuyenda makilomita 515 a pakati pa Tokyo ndi Osaka m'maola anai. Mtunda umenewo uposa pang'ono wa pakati pa Livingstone ndi Lusaka, umene okwera sitima ya kuno anazolowera kuugonera m'njira. Ogwira nchito ya njanji a mumzinda uno adziwa okha kulemera kwa manambala amenewo.

Kagulu ka kuno sikanatenge mendulo. Liwiro lija la pa 21 October anapambana a Abebe Bikila a ku Ethiopia, patangopita masabata owerengeka cicokere pa opaleshoni ya m'mimba. Koma tsiku lomaliza linali la Zambia. Pakati pa usiku wa 23 October, ku Independence Stadium mu Lusaka, mbendera ya Angerezi inatsitsidwa ndipo ya dziko latsopano inakwezedwa. Popeza nthawi ya ku Japan iri patsogolo ndi maola 7, ku Tokyo kunali kutaca kale, ndipo Loweruka lomwelo ndilo linali tsiku lotseka masewera. Madzulo ake, m'bwalo lalikulu la National Stadium, amene analowa pa cilembo ca N anaonekera kumapeto, pa Z, ndi cikwangwani catsopano ndi mbendera yobiriwira yokhala ndi nkhwazi. Palibe dziko lina limene linalowa masewera a Olympic ndi dzina lina n'kutuluka ndi lina. Mwambo umene unakonzedwa kuti ukhale wa mizere yoongoka unasokonezeka mokoma, pakuti ocita masewera a mitundu yonse analowa osakanizika, atagwirana mikono, nanyamula pamapewa mnyamata wogwira mbendera ya Japan. Tsiku lomwelo Boma la Japan linabvomereza Zambia monga dziko lodzilamulira.

Kumeneko ndiko kucereza kwa Ajapani, kumene eni ake amati omotenashi, ndiko kudziwiratu cosowa ca mlendo iye asanacichule. A Samuel Matete a ku Chingola anakulawa m'bwalo lomwelo pa 27 August 1991, pamene anaposa dziko lonse lapansi pa liwiro lolumpha mipanda la mamita 400 m'masekondi 47.64. Atsikana a Copper Queens anakulawa mocepa mu July 2021, cifukwa mliri wa Covid-19 unawatsekera m'hotela ndi m'basi. A Barbra Banda anamwetsa zigoli zitatu kwa Netherlands ndi zitatu kwa China ku Miyagi, koma mwai woyenda m'misika panalibe. Onsewa anali mame.

Okhalitsa

Okhalitsa ndi ena, ndipo ambiri a iwo anapita ndi mabuku. Njira yao inayamba kulambulidwa mu 1970, pamene acinyamata oyamba odzipereka a ku Japan anafika m'Zambia kudzaphunzitsa apolisi masewera a judo, koma inakula ndi ng'ombe. Cigawo ca Kum'mwera ndi dziko la ziweto, ndipo mlimi ali yense wa ku Kazungula kapena ku Kalomo adziwa denkete ndi nthenda ya zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Sukulu ya madokotala a ziweto pa University of Zambia, yodziwika ndi dzina la Samora Machel, inamangidwa ndi thandizo la Japan nitha mu 1986, ndipo ubale wake ndi Hokkaido University unayamba masiku omwewo. Kuyambira pamenepo njira ya ku Sapporo, mzinda waukulu wa cisumbu ca kumpoto, yapondedwa ndi ana a Zambia okacita maphunziro apamwamba a zaka zitatu kapena zinai. Ena apita ku mizinda ina ndi thandizo la Unduna wa Maphunziro wa Japan, ena ndi bungwe la JICA, ena ndi cikonzero ca ABE Initiative cimene cinalengezedwa mu 2013.

Palibe ndeke yocoka pa bwalo la Harry Mwaanga Nkumbula kulunjika ku Japan. Munthu ayenera kudzera ku Lusaka kapena ku Johannesburg, nasintha ndeke ku Addis Ababa, Dubai kapena Doha, ndipo afika ku Narita kapena ku Haneda patapita tsiku lathunthu ndi kuposerapo. Pacipata amjambula nkhope ndi kumdinditsa zala, lamulo loyambira mu 2007, nampatsa khadi la mlendo wokhala limene ayenera kuyenda nalo tsiku liri lonse, cifukwa wapolisi angathe kumuimitsa pa mseu ndi kulifuna. Nyama yofutsa imene amai ake anamlongedzera ithera pomwepo: kulowetsa nyama m'dzikomo n'koletsedwa, ndipo cilango cake cingafike mayeni 3 miliyoni. Asanathe masiku 14 cipezere nyumba ayenera kukalembetsa ku ofesi ya mzinda, kumene alowanso m'thumba la inshuwalansi ya cipatala, ndipo kuyambira pamenepo akadwala alipira magawo atatu okha mwa khumi.

Coyamba kumdabwitsa ndi unyinji wa anthu ndi cete wao. Tokyo ndi mizinda yolumikizana naye ali ndi anthu pafupifupi 37 miliyoni, pamene Zambia yense pa kalembera wa 2022 anali ndi 19.6 miliyoni. Pa siteshoni imodzi ya Shinjuku padutsa anthu pafupifupi 3 miliyoni pa tsiku, ndiko kuti kuposa Livingstone yense kakhumi ndi kasanu. Koma m'sitima mulibe wolankhula pa foni, mulibe wogulitsa mazira owiritsa, mulibe wolalikira. Wozolowera minibasi imene siinyamuka isanadzaze, ndi kondakitala wake wofuula pazenera, amayamba kuganiza kuti kwagwa maliro. Nthawi nayo siiseweredwa. Mu November 2017 kampani ya Tsukuba Express inapepesa poyera cifukwa sitima ina inanyamuka masekondi 20 nthawi isanakwane, ndipo sitima ikacedwa mphindi zowerengeka, pa siteshoni apereka kapepala kokaonetsa kwa akulu a nchito. Cifukwa cakale cija cakuti basi inacedwa sicimveka kumeneko popanda umboni.

M'nyumba, mwana wa kumudzi aposa wa m'tauni. Nsapato zibvulidwa pakhomo, ndipo m'nyumba zambiri cipinda cimodzi ciyalidwa mphasa zokhuthala zochedwa tatami. Usiku munthu ayala matiresi ake pansi, m'mawa awapinda n'kuwasunga. Wolemekeza akulu mwa kugwada ndi kuomba m'manja sabvutika kuphunzira kuwerama, ngakhale ana a sukulu osesa okha m'kalasi, amene alendo a ku Ulaya awajambula modabwa, kwa wa kuno si nkhani. Kusamba ndiko kwacilendo: munthu adzitsuka ndi sopo kunja kwa bafa, nalowa m'madzi otentha atayera kale, cifukwa madzi omwewo alowamo a m'banja onse. Cosautsa ndi zinyalala. Zopsa, zosapsa, mabotolo, zitini ndi mapepala, ciri conse ciri ndi thumba lake ndi tsiku lake, ndipo thumba losakaniza silitengedwa. Amalimata cipepala n'kulisiya pamenepo, ndipo m'mudzi mmene mlendo ali mmodzi yekha palibe wofunsa mwini wake. Milandu yambiri ya alendo ndi anansi ao iyambira pa thumba lotere.

Ku Sapporo kuli mdani wina. Cipale cofewa cigwa mamita pafupifupi 5 pa caka, ndipo kuyambira December kufikira March nthaka siioneka. Wobadwira m'mbali mwa Zambezi, kumene dzuwa la October lipsereza phula, aphunzira kuyenda ngati bakha pa madzi oundana, ndipo aona dzuwa likulowa 4 koloko masana. Cibvomezi naco ndi ca masiku onse, kotero kuti mafoni alira okha kucenjeza nthaka isanayambe kugwedezeka kwambiri. Cija ca pa 11 March 2011, ca mphamvu ya 9.0, pamodzi ndi mafunde amene anacitsata, cinapha kapena kusowetsa anthu oposa 18,000, ambiri a iwo m'cigawo comwe cija ca Miyagi.

Mpunga m'malo mwa nsima

Koma nkhondo yeniyeni iri pa mbale. Ku Japan mpunga udyedwa m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo mau akuti gohan atanthauza mpunga wophika ndi cakudya comwe, monga momwe wa kuno amanenera kuti sanadye ngati sanadye nsima. Mpungawo ndi wonanda, wopanda mcere ndi mafuta, wodyedwa ndi timitengo tiwiri. Ufa woyera wa cimanga suli m'masitolo wamba. Amene aufuna aufunafuna ku timasitolo ta alendo pa mtengo wowawa, kapena adikira mnzao wobwera ku chuthi amene wataya theka la sutikesi ku ufa. Nsomba yaiwisi, imene eni ake aiyesa cakudya ca ulemu, imuimitsa mtima wa ku Zambezi amene anakula ndi nsomba yoocha kapena youma, ndipo natto, soya woola wotuluka ulusi, agonjetsa ngakhale olimba mtima.

Komabe amene ayang'anitsitsa m'sitolo apezamo abale. Muli tinsomba touma tofanana ndi kapenta, timene eni ake aphikira msuzi. Muli therere, limene alicha okura nalikonda cifukwa ca kuterera komweko kumene azungu akuda. Muli maungu otsekemera, ndipo m'nyengo yozizira timagalimoto tiyenda m'makwalala kugulitsa kandolo woocha pa miyala yotentha, wogulitsa akuitana ndi mau okoka. Ku mapiri a Nagano nkhalamba zidya ziwala zophika ndi shuga ndi msuzi wa soya. Ndalama yacitsulo ya mayeni 10 imene abweza pa kauntala nayo ndi ya mkuwa, magawo 95 mwa 100, ndipo mwana wa dziko la mkuwa, limene kwa zaka zambiri linagulitsa cuma cimeneci ku Japan, saigwira popanda kumwetulira.

Timitengo tija tiri ndi zoletsa zake. Kutizika m'mbale ya mpunga n'kulakwa kwakukulu, pakuti umo ndimo aperekera mpunga kwa akufa. Kupatsirana cakudya kucokera pa timitengo ta wina kupita pa ta mnzake n'koipa koposa, cifukwa umo ndimo abale atolera mafupa a womwalira mtembo utatenthedwa. Ndipo wosiya ndalama pa tebulo kuthokoza woperekera cakudya, monga acitira alendo m'mahotela a Livingstone, angathe kuona woperekerayo akumthamangira pa mseu kumbwezera zimene waiwala.

Pa cinenero, lilime la wolankhula Cinyanja liri ndi mwai umene Mngerezi alibe. Cijapani ciri ndi mavawelo asanu omwewa, a, i, u, e, o. Pafupifupi mau onse athera pa vawelo. Ndipo l ndi r sizisiyanitsidwa. Cotero wa kuno achula mau a Cijapani momveka m'masabata owerengeka, ngakhale khutu limnyenga nthawi zina: mizu kumeneko ndi madzi, ine ndi mbeu ya mpunga m'munda, ndipo mame ndi nyemba. Dzanja ndi maso ndizo zibvutika. Pali zilembo 46 za hiragana, zina 46 za katakana, ndi zilembo 2,136 za kanji zimene Boma linaika mu 2010 kuti ndizo za masiku onse. Dokotala wa ziweto wolemba mabuku m'Cingerezi aima m'sitolo osadziwa ngati paketi iri m'manja mwake ndi ya shuga kapena ya mcere, ndipo kalata iri yonse ya ku ofesi ya mzinda ayenera kukaiwerengetsa, monga agogo osaphunzira anali kucitira ndi makalata a machona a ku Joni.

Citseko cosatseguka msanga

Kukhulupirika kwa anthu a kumeneko si nthano. Wotaya cikwama apita ku kanyumba ka apolisi ka pamphambano, kochedwa koban, ndipo kawirikawiri acipeza ndi ndalama zake zonse. Mu 2023 ndalama zotoledwa zimene anthu anapereka kwa apolisi a Tokyo zinaposa mayeni 4 biliyoni, ndipo zambiri zinabwerera kwa eni ake. Lamulo lipatsa wotola mphotho ya magawo 5 kufikira 20 mwa 100. Mtsikana ayenda yekha usiku, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi cimodzi akwera yekha sitima kupita ku sukulu.

Koma ulemu ndi cibale si cinthu cimodzi, ndipo mlendo wa zaka zinai acidziwa ici pofuna nyumba. Kupatula lendi ndi cikole, m'madera ambiri afuna reikin, ndalama yothokoza mwini nyumba, ya mwezi umodzi kapena iwiri, yosabwezedwa. Afunanso munthu kapena kampani yomuimira ngati alephera kulipira. Ndipo atakwanitsa zonsezi angathe kuuzidwa mwaulemu kuti nyumbayo si ya alendo. Pa kafukufuku amene Unduna wa Zacilungamo wa Japan unafalitsa mu 2017, pafupifupi anai mwa alendo khumi ali onse amene anafunapo nyumba ananena kuti anakanidwa cifukwa ndi akunja. Ambiri a khungu lakuda asimbanso za mpando wa pafupi nao umene utsala wopanda munthu m'sitima yodzaza. Palibe womtukwana, palibe womkankha. Mau akuti ai sachulidwa kawirikawiri. Munthu akamva kuti cinthuco n'cobvuta pang'ono, adziwe kuti wakanidwa.

Odi wa pakhomo kulibe. Mnzake wa pa nchito angathe kudya naye m'sitolo ya zakudya zaka zitatu osamuonetsa khomo la kwao, osati cifukwa ca udani, koma cifukwa nyumba ndi zazing'ono ndipo kufika osapangana n'kusowetsa mnzako mtendere. Kwa wokulira m'komboni, mmene mcere upemphedwa pa mpanda ndipo maliro a mmodzi agonetsa mudzi wonse panja, ici cilemera kuposa cipale. Eni dziko naonso ciwalemera. Pafupifupi atatu mwa khumi ali onse ali ndi zaka 65 kapena kuposa, ndipo apolisi anawerenga anthu oposa 70,000 okhala okha amene anafera m'nyumba zao mu 2024, ena osapezeka kufikira patapita masabata. Pafupifupi mitembo yonse itenthedwa, kotero kuti mlendo akamwalira, anzake ocepawo asonkha ndalama zambiri kuti thupi likagone kwao.

Za ndalama abale kumudzi sazimvetsa. Wophunzira wa thandizo la Boma la Japan alandira mayeni pafupifupi 145,000 pa mwezi, ndipo akawasandutsa makwaca aoneka ngati cuma. Koma lendi, sitima, moto wa m'nyengo yozizira ndi cakudya zimeza zambiri, ndipo lamulo silimlola kugwira ganyu kuposa maola 28 pa sabata. Pamene iye atsuka mbale usiku kuti akwanitse, mauthenga a pa foni angofunsa za galimoto, ngati kuti ku Japan magalimoto amangotola.

Masiku ano nkhani ya alendo yafika pa ndale. Pakutha pa 2024 akunja okhala m'dzikomo anali oposa 3.7 miliyoni, ndiwo atatu mwa anthu 100 ali onse, ndipo dziko la nkhalamba zambiri liwafuna pa nchito pamene ena a eni ake awaopa. Mu August 2025, pa msonkhano wa TICAD ku Yokohama, bungwe la JICA linachula mizinda inai kuti ikhale pa ubwenzi ndi Nigeria, Tanzania, Ghana ndi Mozambique. Mbiri yonama inafala yakuti mizindayo yaperekedwa kwa anthu a mu Africa ndi kuti kudzakhala ziphaso zapadera zosamukira, ndipo maofesi a mizindayo anamira m'mafoni a anthu okwiya. Boma linakana bodzalo, koma pa 25 September cikonzeroco cinathetsedwa. Zambia sanali pa mndandanda umenewo, koma okwiya sawerenga pasipoti. Kwa eni kulibe mkuwe, ndipo amene akonza ulendo ayenera kudziwa kuti manja amene anaombera mbendera ya nkhwazi mu 1964 ndi mafoni a 2025 zonse ziri m'dziko limodzi.

Mathithi awiri

Pali mwai umodzi umene wa ku Livingstone ali nao woposa wa ku Lusaka kapena ku Kitwe. Akanena kuti acokera ku Zambia, ambiri angogwedeza mutu mwaulemu osadziwa kumene kuli. Akachula mathithi, nkhope zisintha, cifukwa Ajapani akonda kuwerenga zinthu zitatuzitatu, ndipo adziwa kuti mathithi akulu atatu a pa dziko lapansi ndi Niagara, Iguazu ndi Victoria. Munthu amene anakula akumva mkokomo wake usiku asanduka wosimba nkhani, ndipo posacedwa wina amuuza kuti asabwerere kwao asanaone mathithi a Nachi, m'cigawo ca Wakayama, kum'mwera kwa Osaka.

Akafika kumeneko ayamba waseka mumtima. Madzi a Nachi agwa mamita 133, kuposa mamita 108 a Mosi-oa-Tunya, koma m'lifupi mwake ndi mamita 13 okha, pamene Zambezi agwa pa phompho la mamita oposa 1,700. Poyerekeza ndi Shungu Namutitima wa Atoka-Leya, Nachi ndi ulusi woyera wolendewera pa thanthwe. Koma akayang'ana pamwamba aona cingwe cacikulu comangidwa kudutsa pamene madzi ayambira kugwa, ndi timapepala toyera tolendewera. Cingweco ndi cizindikiro cakuti malowo ndi opatulika. Pa kacisi wa patsinde pake mathithi enieniwo ndiwo apembedzedwa, ndipo obwera asamba m'manja, naomba m'manja kawiri, nawerama. Wa kwa Mukuni, amene adziwa nchito ya Bedyango ndi mwambo wa Lwiindi, ndi madzi amene atungidwa ku mtsinje popempha mvula kwa makolo, safuna womasulira pamenepo. Malo onse awiri ali pa kaundula wa UNESCO, Mosi-oa-Tunya kuyambira 1989 ndi Nachi kuyambira 2004. Kawiri pa caka, mu July ndi mu December, anthu a pakacisi obvala zoyera akwera phirilo, nalowa m'madzi ozizira a pamphepete pa phompho, namasula cingwe cakale ndi kumanga catsopano.